Manambala a pa Mpendero

Ine ndinkadziwa zaka za m'ma 1950 kuposa anthu amene anakhalamo. Ndinkanena zimenezo mokweza, kwa aliyense wolowa mu saluni yanga ku Yafo, kuseri kwa msika wa zinthu zakale. Zoti ndinabadwa mu 1989 ku Bat Yam sizinkandiletsa ayi. Khoma lonse ndinalimata makalendala akale a ku Amerika, aja a atsikana a milomo yofiira psuu, atakhala pa galimoto, siketi ikuuluka, maso atatong'ola ngati angomva nkhani yodabwitsa. Ntchito yanga ndi yosandutsa akazi a lero kuti afanane ndi atsikana amenewo. Ndimawapiringa tsitsi, kuwapaka nkhope, kuwaveka pitikoti ndi nsapato za gogoda, kenako n'kuwajambula. Amabwera maloya, atsikana ongomaliza kumene usilikali, akwatibwi, ngakhale amayi opemphera ofuna kuti mpango wawo ndiumange mwachikale. Chithunzi chikatuluka ndimachisalaza pa kompyuta mpaka osatsala kachiphuphu kapena kaulusi. Dzina langa ndi Tirtza, ndipo pa ntchito imeneyi sindinkauzidwa zochita ndi munthu.

Lachiwiri lina m'mawa foni inalira ndili ndi mapini kukamwa.

"Ndiwe uja wopiringa tsitsi ngati la m'mafilimu akale?" anafunsa mawu a nkhalamba, olimba ngati a woitanira basi.

"Ndine amene, mayi."

"Mayi ako ali kwanu. Ine ndine Bruria basi. Ndili ndi zaka 85, makutu ndi abwinobwino, ndiye usakuwe."

Anandiuza dzina la kibutsi yawo, mudzi wa alimi ogwira ntchito pamodzi n'kumagawana zonse, kumpoto, kuchigwa. Anati Lachinayi ndi chikondwerero cha Shavuot, mathirakitala adzazungulira munda atakoka ngolo za zokolola zoyamba, ndipo iwo akufuna kudzakwera ngolo imodzi atavala diresi lawo, tsitsi litapiringidwa, milomo itafiira.

"Pa tchuthi sindigwira ntchito," ndinatero.

"Ng'ombe zimakamidwa pa tchuthi. Iwe ndiwe ndani?"

Ndinaseka ndisakufuna. "Diresilo muli nalo?"

"Ndili nalo. Kungoti sindinalivalepo."

"Mwangogula kumene?"

"Linabwera mu 1956."

Mapini aja ndinawalavulira m'manja. Lachinayi m'mamawa ndinali kale pa msewu, sutikesi ya zipangizo ndi kamera zili kumbuyo.

Ndinafika dzuwa litayamba kuswa mtengo. Nditangotsika m'galimoto, gogoda zanga zinamira m'kapinga, ndipo ndikulimbana nazo ndinamva kanjinga kamagetsi ka okalamba kakubwera mwaliwiro lake lonse. Pamwamba pake panali kamunthu kakafupi, ka nkhope yopsa ndi dzuwa, tsitsi loyera mbuu lolukidwa chingwe chimodzi chofika m'chiuno. Anandiyang'ana kuyambira kumutu kwanga kopiringidwa, kudutsa pa maluwa ojambulidwa pamkono wanga, mpaka ku nsapato.

"Kale akanakuitanira msonkhano iwe," anatero a Bruria. "Vula zimenezo, uyende chabe pansi. Palibe akuona."

M'kanyumba kawo anandiikira khofi ndi keke ya tchizi, chidutswa chokwana anthu atatu, n'kuyamba nkhani osadikira kuti ndifunse. Anali ndi zaka 19, akugwira ntchito yokama ng'ombe, pamene azakhali awo a ku Amerika anawatumizira phukusi. Nthawi imeneyo zovala zonse zinkagulidwa ndi kibutsi, zofanana, za kaki ndi zabuluu, aliyense ndi nambala yake yosokedwa pa kolala kuti zisasokonezeke kochapira. Mphatso yochokera kunja sinali ya munthu mmodzi. Inkapita ku msonkhano wa onse.

"Ndinalibisa pansi pa matiresi masiku anayi," anatero. "Ndinkangolisisita. Ndinkati ndidzalivala Lachisanu madzulo, ndidzalowe nalo m'holo yodyera, anthu atsamwidwe ndi supu. Ndinauza munthu mmodzi yekha, mnzanga wogona naye chipinda chimodzi. Zehava."

"Ndiye anakuululani?"

"Idya keke. Msonkhano unakambirana za diresi langa maola atatu. Zogula ng'ombe yamphongo anakambirana theka la ola. Wina anati ndi chovala cha ana a mabwana. Wina anati likavalidwa pano mawa atsikana akana kulowa m'khola. Pomaliza anagamula kuti lipite kosungira zovala, ndipo mtsikana aliyense wokwatiwa azilivala pa tsiku lake. Manja 61 anakwera m'mwamba. La Zehava linali loyamba. Patangotha masabata atatu anakwatiwa atalivala."

Ndinasiya kutafuna. "Nanga inuyo pa ukwati wanu?"

"Anati ndikabwereke. Ndibwereke changa chomwe? Ndinakwatiwa nditavala malaya oyera ndi siketi ya kuntchito. Malemu mwamuna wanga Amnon sanadandaule, mwina sanaone n'komwe, anali munthu wa mapaipi."

Kenako anandiuza chimene chinawaimbitsa foni. Sabata yotsatira diresilo linkapita m'bokosi lagalasi, m'nyumba ya mbiri ya kibutsi, pafupi ndi khasu loyamba ndi mfuti yadzimbiri. Bokosilo likatsekedwa, basi, silidzakhudzanso thupi la munthu. Linatsala tsiku limodzi lokha loti alivale, ndipo tsikulo linali lomwelo. Vuto linali lakuti kiyi wa kosungira zovala anali pakhosi pa a Zehava, amene anayang'anira zovalazo zaka makumi anayi ndipo anakana kupereka kiyi ngakhale atapuma.

"Koma mwagwirizana nawo?"

"Sitilankhulana."

"Kuyambira liti?"

"Ndakuuza kale chaka."

Ndinawerengera ndi zala pansi pa tebulo. Zaka 66 akudyera m'holo imodzi, akuika maliro kumanda amodzi, akubisala m'dzenje limodzi pa nthawi ya nkhondo, osapatsana ngakhale moni. Ife a ku Bat Yam timakangana mpaka mbale kusweka, koma pofika Lachisanu timakhala tikudyera limodzi. Mkwiyo wosamalidwa bwino chotere sindinauonepo, ndipo ndinaupatsa ulemu. A Bruria anali atalemba kakalata kudzera kwa mlembi wa kibutsi, yankho n'kubwera la mizere iwiri: Lachinayi 2 koloko, ndipo diresi silituluka popanda ine.

Ndinatsegula sutikesi yanga monyadira. Munali chitsulo chamagetsi chopiringira tsitsi, mabotolo atatu opopera tsitsi, mapini mazana, ndi utoto wofiira wopaka milomo wa mitundu khumi ndi iwiri.

"Tseka," anatero a Bruria.

"Mwati?"

"Sindikufuna kufanana ndi mtsikana wa ku Amerika. Ndikufuna kufanana ndi mmene ndikanaonekera Lachisanu lija."

Anatulutsa mbale ya madzi a shuga ndi nsalu yakale ya pabedi yong'ambidwa timizere. Ine, Tirtza, amene anthu amadikira miyezi iwiri kuti ndiwagwire mutu, ndimange nsanza? Ndinati zimenezo sizigwira, tsitsi loyera ndi louma, lithothoka. Iwo anangomasula chingwe chija, tsitsi n'kugwera pamsana, n'kugwira dzanja langa ndi zala zawo zokhota. Anandionetsa kunyowetsa, kukulunga kuyambira kunsonga, kupotoza kamodzi chakumanzere, n'kumanga mfundo yosathina. Atsikana a kukhola ankatero mobisa kuseri kwa nkhokwe ya udzu, akaonera filimu pakhoma la holo. Panalibe buku, panalibe wowaphunzitsa. Ankaloweza mutu wa mkazi wa mufilimu pa mphindi zochepa zimene unkaonekera, n'kukayesa pa mitu ya anzawo.

"Anyamata ankakutsatirani?" ndinafunsa.

"Ntchentche ndi zimene zinkatitsatira. Anyamata ankabwera pambuyo."

Pofika mfundo yachikhumi manja anga ankangotsatira awo. Mpiringo uja wa pamphumi umene ndinauphunzira zaka ziwiri pa mavidiyo, zala za gogoyu zinkaudziwa mwachidule, mosavuta, ngati kumanga nsapato. Za milomo anatulutsa m'kabati kapepala kofiira kokongoletsera holo, kotsala pa chikondwerero china cha 1 Meyi chakalekale. Anati ukakanyowetsa ndi malovu kamatulutsa utoto, ndipo kufiira kwake palibe sitolo imene ili nako. Sindinatsutsenso.

Itakwana 2 koloko tinanyamuka, iwo pa kanjinga, mutu uli nsanza zokhazokha, ine pambuyo wopanda nsapato, nditasenza kamera. Nyumba yosungiramo zovala inali yaitali, yofolera ndi malata, kuseri kwa kochapira. Pakhomo panaima mayi wamtali wowerama msana, magalasi okhuthala ngati pansi pa botolo, kiyi akulendewera pa chingwe pakhosi. Amenewo ndiwo anali a Zehava.

"Mtsikana iwe," anatero akuyang'ana ine, "muuze kuti wachedwa ndi mphindi khumi."

"Muuze kuti ndachedwa ndi zaka 66, mphindi khumi si kanthu," anayankha a Bruria, nawonso akuyang'ana ine.

"Muuze kuti akuoneka ngati choopsezera mbalame m'munda."

"Muuze asanamizire, saona."

"Muuze kuti kununkha kwa shuga ndikumva."

Ndinaima pakati pawo ngati mtengo wa magetsi, uthenga ukufika wokha. A Zehava anatsegula chitseko. A Bruria analowetsa kanjinga mpaka pakhomo penipeni, n'kukatembenuza kuti kayang'ane kunja.

"Sindikufuna kuliona lili pa hang'ala," anatero. "Ndaliona mokwanira lili pa anthu ena. Likakonzeka mundiuze."

M'katimo munali mashelefu opanda kanthu mpaka kudenga, lililonse ndi nambala yake, ndi fungo la sopo wakale. Kumapeto kunali kabati imodzi yokhoma. A Zehava anatulutsamo thumba la nsalu yoyera, n'kuligoneka pa tebulo lodulirapo zovala ngati akugoneka khanda, n'kumasula.

Ndagwirapo madiresi akale mazanamazana. Ndimadziwa kusiyanitsa lenileni ndi lonamizira ndi maso otseka. Koma lofanana ndi limeneli ndinali ndisanalionepo. Linali lobiriwira mwakuda ngati botolo la vinyo, la nsalu yolemera yolira fwaa ukaikhudza, lomanga kuseri kwa khosi, msana wonse pamtunda, ndipo siketi yake inali yotambalala moti inasefukira mbali zonse za tebulo. Kuwala kolowera pa zenera kutaligwera, mtundu wake unkayenda ngati madzi. M'chiuno munali mizere ya timabowo ta singano, yambirimbiri, posonyeza pamene linakulitsidwa ndi kuchepetsedwa kuti likwane matupi osiyanasiyana, koma mwaluso moti kunja sikunkaoneka kanthu. Ndinaganiza za atsikana a manja okakala ndi makasu, ovala kaki chaka chonse, akulowa mu chinthu chimenechi tsiku limodzi lokha pa moyo wawo. Ndinazindikira kuti ndayamba kunong'ona ngati ndili m'sunagoge.

"Ndikukatenga pitikoti yake," anatero a Zehava. "Usaliwotche ndi tizitsulo tako."

Anapita kuchipinda chakumbuyo, akupapasa khoma. Ine ndinapachika diresi kuti ndiliwongole ndi nthunzi, ndipo nditatukula siketi ndinaona m'kati mwa mpendero mzere wa tinsalu ting'onoting'ono toyera, totuwa ndi ukalamba, tili ndi manambala osuluka. Tina tinali titamasuka mbali imodzi n'kumalendewera kunja. Ndinatidziwa. Zovala zonse zochokera m'makibutsi zimene ndimagula pa msika zimabwera ndi tinsalu ta kochapira totere, ndipo ntchito yanga yoyamba ndikafika nazo ku saluni ndi kutichotsa. Siketi ikadzauluka pa ngolo tidzaoneka pa chithunzi ngati mano. Sindinaganize kawiri. Ndinatulutsa kampeni kanga kodulira ulusi, n'kuyambira pafupi ndi msoko, pamene panali kampata kopanda kanthu ka zala ziwiri. Ndinachotsa koyamba, kachiwiri, kachitatu. Ndinkaimba kanyimbo pansipansi. Tisanu tinali titagwera pa tebulo pamene a Zehava anabwera.

Sanaone, anamva. Kulira kwa ulusi ukuduka ankakudziwa kuposa mawu a ana awo. Pitikoti inagwa pansi. Anapapasa mpendero ndi zala, n'kufika pamene panali posalala, n'kuima.

"Wachita chiyani?"

"Ndi tinsalu ta kochapira chabe, ndimati pa chithunzi..."

"Kochapira? Diresi ili linalowapo kochapira? Ndimalichapa ndekha ndi manja awa!" Anatukula mpendero kuti ndione. "Amenewa ndi akwatibwi, chitsiru iwe. Aliyense amene analivala ndinamusokapo nambala yake, motsatana, mmene anakwatiwira. Khumi ndi anayi. Amoyo tatsala atatu."

Ndinafuna nthaka ing'ambike ndilowe. Ndinati pepani, ndinati ndisokanso pompano, sizitenga mphindi khumi.

"Usoka motani? Ukudziwa woyamba ndani, wachiwiri ndani?" Anatola tinsalu tija, n'kutifikitsa pafupi ndi magalasi, n'kutitembenuza uku ndi uku. Manambala sankawaona. "Woyamba ndine, zimenezo ndikudziwa. Wachiwiri anali Nechama. Ayi, Drora. Ayi..." Anakhala pa mpando mwadzidzidzi. "Zinali pa nsalu kuti mutu wanga usavutike nazo. Tsopano mutu unataya, ndipo iwe wataya za pa nsalu."

Anaimiriranso, n'kuchotsa diresi pa hang'ala, n'kuyamba kulipinda.

"Lero silivalidwa. Likupita kugalasi mmene lililimu, asanalimalize anthu a m'tauni."

Kutali, cha kumunda, thirakitala yoyamba inalira. Ndinayang'ana kukhomo. Ndinkangoona msana wa a Bruria ndi mutu wa nsanza uja, wosagwedezeka. Zaka 66 anadikira, ndipo ine ndinawawonongera tsiku lawo ndi kampeni ka m'thumba. Misozi inayamba kundisungunulira utoto wa m'maso.

"31," anatero mawu ochokera kukhomo.

A Zehava anasiya kupinda.

"31 ndiwe, Zehava. Mwezi wa Ogasiti 1956, pa kapinga wa kutsogolo kwa holo. Linali lalifupi kwa iwe, mawondo ankaoneka." A Bruria sanatembenuke. Ankalankhula akuyang'ana kunja, koma sanati muuze. "Wachiwiri 77, Nechama, nyengo ya mvula. Anaponda matope, unachapa mpendero ndi mswachi. Wachitatu 12, Karmela, unakulitsa m'chiuno zala zinayi chifukwa anali kale ndi pakati, ndipo tonse tinanamizira kuti sitikuona. Wachinayi 104, Yocheved, anatayira vinyo pachifuwa chakumanzere, unathira mchere. Drora ndi wachisanu, 46, osati wachiwiri. Mwamuna wake sanabwerenso kuchokera ku nkhondo."

Ndinayang'ana tinsalu tija m'manja mwa a Zehava. 31, 77, 12, 104, 46. Panalibe ngakhale imodzi yolakwika. Koma a Bruria sanalekere pomwepo. Anapitiriza wachisanu ndi chimodzi, wachisanu ndi chiwiri, mpaka wa khumi ndi chinayi mu 1971, dzina, nambala, nyengo, ndi chimene chinachitikira diresi tsiku limenelo, batani lililonse lothothoka. Ine ndinkatsatira ndi chala pa mpendero wotsalawo, ndipo zonse zinkagwirizana. A Bruria anali atapita ku maukwati onse khumi ndi anayi. Anthu ankayang'ana mkwatibwi, iwo ankayang'ana diresi lawo likuvina. Ndaonapo anthu oloweza malemba, koma sindinaonepo munthu woloweza chovala.

Kenako a Zehava anati, "Unkawerenga."

"Nanga ndikanatani? Linali langa."

"Linali lako." A Zehava anavula magalasi n'kuwapukuta ndi epuloni. "Ndinakweza dzanja osati chifukwa cha mfundo za kibutsi, Bruria. Mfundo zake ziti? Ndinali ndi ukwati m'masabata atatu ndipo ndinalibe chovala. Ndinaliona pansi pa matiresi ako, mtima unandituluka. Basi. Palibenso china."

"Ndinkadziwa."

"Ukanandiuza kuti ukudziwa."

"Ukanandipempha. Ndikanakubwereka, mbuzi iwe. Ndikanalivala Lachisanu lija kamodzi kokha, n'kukupatsa."

Mathirakitala anali atachuluka tsopano, ndipo kunkamveka ng'oma ndi ana akukuwa. A Zehava anatambasulanso diresi lija.

"Nthawi yatha," anatero. "Mtsikana, masula nsanzazo. Iwe vala. Ndisokera pathupi pomwepo."

Ndinamasula mfundo zija. Tsitsi linagwa m'mipiringo yoyera, yolimba, yonyezimira, yoposa iliyonse imene chitsulo changa chinapangapo. Ndinangolipesa ndi zala n'kukweza la pamphumi ndi mapini awiri. A Bruria ananyowetsa kapepala kofiira kaja, n'kukapsinja pa milomo osayang'ana pa galasi. Kenako anatseka maso, n'kukweza manja ngati mwana, ndipo ine ndi a Zehava tinawatsitsira diresi kuchokera kumutu. Linalira fwaa, n'kukhala. Mkwatibwi womaliza anali wochepa thupi, ndipo ukalamba unali utawachepetsa a Bruria mpaka muyeso womwewo. Sipanafunike pini ngakhale imodzi.

Atatsegula maso sanafunse galasi. Anayang'ana pansi, pa siketi, n'kuisisita ndi zikhato ziwiri.

A Zehava anakoka kampando kafupi n'kukhala patsogolo pawo. Ntchito yanga inali yolowetsa ulusi pa singano ndi kuwapatsa tinsalu motsatana. Asanabaye, anadula kaulusi koyera n'kukakweza m'mwamba.

"Tafuna kaulusika."

"Zimenezo tinazisiya ku Poland ndi agogo athu," anatero a Bruria. "Ine sindikhulupirira zamatsenga."

"Nanenso ayi. Koma munthu amasokeredwa chovala pathupi akakhala maliro basi. Tafuna, ndione kuti uli moyo."

A Bruria anatsegula pakamwa, kaulusi n'kulowa. Kwa nthawi yoyamba tsiku lonselo anakhala chete.

Zala za a Zehava sizinkafuna maso. Zinkapeza timabowo takale tomwe, singano n'kumadutsa mmene inadutsa kale. 31 inabwerera pamalo pake, kenako 77, 12, 104, 46. Nditapereka komaliza ndinapumira m'mwamba n'kuyamba kutola kamera.

"Ulusi wina," anatero a Zehava.

"Tatha, tonse tisanu tabwerera."

"Ndati ulusi wina."

Anapisa dzanja m'thumba la epuloni n'kutulutsa kachitini ka mapini, kadzimbiri m'mbali. M'kati, pansi pa mapini, munali kansalu kamodzi kachikasu ndi ukalamba. Anandipatsa kuti ndiwawerengere, ngakhale ankadziwa.

"58," ndinatero.

Nsagwada za a Bruria zinaima.

"Tafuna, sindinamalize," anatero a Zehava. Zala zawo zinayenda chobwerera pa mpendero, kudutsa 12, 77, 31, mpaka pa kampata kaja ka zala ziwiri pafupi ndi msoko, kamene ine ndinakaona ngati malo abwino oyambira kudula. "Ndinakadula pa malaya ako a kuntchito sabata ya ukwati wanga. Ndinati ukadzabwera kudzalitenga ukhale woyamba. Ndinkayesa ubwera chaka chomwecho."

A Bruria anafuna kuyankha, koma kukamwa kunali ulusi. Ankangotafuna, misozi ikutsika m'makwinya, dzanja lawo litatsamira pa mutu wa a Zehava kuti asagwe. Sanalichotse ngakhale singano itamaliza.

A Bruria anakwezedwa pa ngolo ya tirigu ndi anyamata anayi a kukhola. A Zehava anakana kutsala, anati diresi silituluka popanda iwo, ndipo anakhala pa mtolo wa udzu pambali atagwira mpendero kuti usakodwe. Ngolo italowa m'munda, anthu mazana okhala pa kapinga atavala zoyera anatembenuka onse kuiyang'ana. Kenako nkhalamba ina ya pa mpando wa mawilo inakuwa kuti, "Ndi diresi lija!" ndipo phokoso linabuka. Akazi a misinkhu ya mayi anga ankathamangira ngolo akulira, akuloza, wina akuti amayi ake anakwatiwa atavala limeneli, wina akuti chithunzi chake chili pakhoma kwawo. A Bruria anaima chilili pakati pa tirigu, dzanja limodzi m'chiuno, chibwano m'mwamba, osagwedeza dzanja kwa aliyense. Mphepo inanyamula siketi, tinsalu tonse khumi ndi tisanu n'kuonekera.

Ndinajambula zithunzi zoposa mazana atatu. Chabwino kwambiri ndinachitsegula pa kompyuta Lamlungu m'mawa ku saluni, n'kuchikulitsa kuti ndiyambe kusalaza monga mwa nthawi zonse. Pamenepo ndi pamene ndinaona. Pakona ya milomo yofiira ija panali kaulusi koyera kakutuluka. Ndinabwerera ku zithunzi zina, chimodzichimodzi, kuyambira pokwera ngolo mpaka potsika. Kanali pa zonse. Kusoka kunatha kalekale, koma iwo anazungulira munda wonse akutafunabe.

Chithunzicho chili pakhoma la saluni, pakati pa makalendala aja. Makasitomala amandiuza kuti ndinaiwala kufufuta kaulusi. Ndimawauza kuti akhale pansi, asagwedeze mutu.